Timazira toyera pansi pa makungwa a mitengo ya chigafa: n'ta njoka kapena n'ta chiyani?

MlimiWaChamama
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikukonza chigafa chakale fodya asanayambe kuthyoledwa, ndiye pozula mizati yofumbwa tapeza timazira pansi pa makungwa. N'toyera, tolimba, kukula kwake ngati njere ya soya, ndipo tili tiwiritiwiri tomatana. Pamzati umodzi tilipo toposa khumi, tina n'toswa kale. Anyamata akuti n'ta njoka, tingotentha mizati yonseyo. Koma pamitengo yomweyo pakuthamanga timabuluzi totuwa ting'onoting'ono masanasana. Kodi eni mazirawa ndi ndani?

Santhe_Boma
Musatenthe, bambo. Njoka siiikira mazira otero. Dzira la njoka ndi lalitali, chikamba chake n'chofewa, mukalisindikiza ndi chala limalowa, ndipo imaikira ambiri pamodzi m'dzenje kapena m'zinyalala zonyowa, osati pamzati woima.

NaphiriWaKuKapiri
Mwina ndi a nkhono. Nyengo ya mvula ino nkhono zaikira paliponse, ndipo mazira ake ndi oyera, olimba, kukula kwake komweko.

AphunzitsiASayansi
Mayi Naphiri mwakumbutsa chinthu chofunika, chifukwa awiriwa amasokonezadi anthu. Koma nkhono imakumba pansi pofewa n'kuikira mulu wa mazira, makumimakumi pamalo amodzi, ndipo ambiri amaoneka achikasu pang'ono. Siikwera kukaika awiriawiri m'khungwa louma. Zomwe afotokoza bambo a ku Chamama ndi mazira a kanalimata ka masana, komwe dzina lake la sayansi ndi Lygodactylus capensis. Kakakazi kamaikira mazira awiri okha nthawi imodzi, lililonse la mamilimita 5 mpaka 7. Potuluka amakhala ofewa ndi onyowa, n'chifukwa chake amamatana, kenako chikamba chimauma n'kulimba. Kuwapeza oposa khumi malo amodzi sikuti aikidwa ndi kamodzi. Tatikazi tingapo timagwiritsa ntchito mng'alu umodzi, ndipo timabwererako mobwerezabwereza. Zikamba zoswazo ndi za ana omwe anatuluka kale.

Mkanda04
Nalimata masana? Aphunzitsi, nalimata amene timamudziwa ife amatuluka usiku pakhoma pafupi ndi babu. Zamasanazo ndi buluzi basi.

AphunzitsiASayansi
Ndi zinyama zitatu zosiyana, achimwene, ndipo mukaziyang'anitsitsa kamodzi simudzazisokonezanso.

Wa pababu uja ndi Hemidactylus mabouia. Amafika masentimita 12 kuphatikiza mchira, pamsana pali timatuza tokhakhala, usiku amayererako, ndipo amalira kuti tiki-tiki-tiki. Masana mwanadiso wake amakhala kamzere koimirira.

Ka masana aka n'kakang'ono kwambiri: masentimita 6 kapena 7 mchira womwe, ndipo pafupifupi theka la kutalikako ndi mchirawo. Khungu n'losalala koma losanyezimira, lotuwa kapena lofiirira, ndipo kumbali zonse ziwiri kuli mzere woyererako wochokera kumutu kutsika chakumchira. Kumimba n'koyera mwachikasu. Mwanadiso ndi wobulungira. Mukakaona kataima pagalasi, werengani zala: zooneka bwino ndi zinayi, chifukwa chala cham'kati n'chachifupi zedi. Kunsi kwa nsonga ya mchira kulinso kaphazi kogwirira, kofanana ndi ka kuzala, kotero kamagwira mtengo ndi malo asanu.

Buluzi wa mizeremizere wothamanga pakhonde uja ali ndi mamba onyezimira, amaphethira, ndipo sangakwere galasi. Iyeyo saikira n'komwe mazira, amabereka ana amoyo.

MbalameZaLifupa
Ndiwonjezere pa kuphethirapo. Analimata awiri onsewa alibe zikope. Diso ndi lophimbidwa ndi kakhungu koonekera, ndiye fumbi likagwapo amanyambita ndi lilime. Mukaona kabuluzi kakunyambita diso lake, musafunsenso, ameneyo ndi nalimata.

GogoWaKuNkhamenya
Ana inu, ife tinakula tikuuzidwa kuti nalimata akakugwera pathupi amakanirira, sachoka mpaka atachoka ndi khungu. Ndiponso akagwera mundiwo ndi chiphe. Lero mukuti tizimusungira mazira?

AphunzitsiASayansi
Agogo, mawu amenewo afala kwathu konse kuno, koma kuphazi kwa nalimata kulibe ulimbo ngakhale pang'ono. Kunsi kwa chala kuli timizere, ndipo pamzere uliwonse pali timaubweya tambirimbiri tosaoneka ndi maso, tomwe nsonga zake n'zogawikanagawikana. Timaubweyato tikakhudza khoma timayandikana nalo kwambiri moti pamabadwa mphamvu yokokana. Akafuna kuchoka amangopinda chala chammwamba, pomwepo chamasuka. Ndiye chifukwa amathamanga pakhoma osakakamira. Akagwera padzanja panu mumangomva tizala tikugwiragwira, ndipo iye ndi amene amafulumira kuthawa.

Za chiphe, alibe ululu m'kamwa kapena pakhungu. Choopsa chenicheni ndi zitosi zake, zomwe zingakhale ndi tizilombo ta Salmonella totsegula m'mimba, monganso zitosi za nkhuku. Choncho ndiwo zizivundikiridwa, madzi akumwa azivundikiridwa, ndipo mwana akagwira nalimata asambe m'manja ndi sopo. Chakudya chomwe wagweramo n'kufera momwemo chitayidwe.

GogoWaKuNkhamenya
Chabwino, ndamva. Koma m'nyumba mwanga sindimufunabe.

NaphiriWaKuKapiri
Agogo sakulakwa. Zitosi zakuda za nsonga yoyera zija zimadetsa khoma ndi makatani.

Santhe_Boma
Zimenezo ndi za wausiku uja, mayi. Amabwera chifukwa cha tizilombo tomwe timatsata kuwala. Babu lapakhonde lisunthidwe, likhale pamtengo mamita angapo kuchoka pachitseko, osati pamwamba pa chitseko penipeni. Mpata wa pakati pa khoma ndi malata utsekedwe ndi matope kapena simenti, ndipo kuseri kwa makalendala ndi zithunzi kuzisesedwa, chifukwa ndi komwe amabisala masana. Chakudya chikachepa amasamuka yekha. Kumupopera mankhwala a mphemvu ndi kungodzipweteka m'chifuwa, wina amabwera sabata yomweyo. Choyera cha kunsonga ya chitosi ndi mkodzo wake, umatuluka wouma kuti thupi lisataye madzi.

MlimiWaChamama
Zikomo nonse. Ndiye funso langa lenileni ndi ili: mizatiyi yafumbwa, iyenera kuchoka. Mazirawa nditani nawo?

ChimaliroNkhalango
Njira yosavuta, yomwenso imapulumutsa ambiri, ndi kusawakhudza n'komwe. Zulani mzatiwo bwinobwino, osaugwetsa, muunyamule uli choimirira, mukautsamiritse pamtengo wa mango kapena pampanda pamthunzi, mbali yomwe inali kumwamba ikhalebe kumwamba. Khungwa lomwe munakanganula libwezereni pamalo pake, mulimange ndi luzi momasuka kuti pakhale kampata koti ana adzatulukire. Pansi pa mzati ikani mwala kuti usakhudze dothi, apo ayi chiswe chikwera n'kumata dothi pamazirawo. Pakatha miyezi itatu mzatiwo mukhoza kuuwaza nkhuni, onse amoyo adzakhala atatuluka.

Mkanda04
Nanga ngati agwa kale pansi?

ChimaliroNkhalango
Pamenepo pamafunika dzanja lofatsa. Mwana akayamba kupangika amakhazikika mbali imodzi ya dzira, ndipo kulitembenuzatembenuza kungamuphe. Tolani ndi supuni yaing'ono, osati ndi zala, chifukwa chikamba n'chopyapyala. Momwe mwalipezera ndi momwe likhalire. Ikani kadontho ka pensulo yofewa pamwamba kuti musasokoneze. Awiri omatana musawalekanitse, amasweka onse. Ngati amatirira pakhungwa, dulani khungwalo mozungulira ndi mpeni, musawakanganule.

Tengani kachitini kapulasitiki ka majarini, katsukeni, muboole timabowo 6 kapena 8 pachivundikiro ndi singano yamoto. Pansi ikani mchenga wa kumtsinje wokwana masentimita 2, wonyowa pang'ono, woti mukaufinya m'dzanja usadonthe. Mazira asagone pamchenga wonyowawo. Ikani mchenga wouma m'kachivundikiro ka botolo, mazira akhale mmenemo, kachivundikiroko kakhale pamwamba pa mchenga wonyowa uja. Amafuna mpweya wa chinyezi, osati madzi. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amawawaza madzi, pasanathe sabata ziwiri achita nkhungu.

Kachitiniko kakhale m'nyumba pamalo osafika dzuwa. Madigiri 24 mpaka 28 ndi abwino. Pawindo kapena pafupi ndi malata masana kumatentha kwambiri, mwana amafera m'kati. Kenako nyerere: ikani kachitiniko m'mbale ya madzi pang'ono kuti zisawoloke, chifukwa zimadikira dzira lingong'aluka n'kulowa.

AphunzitsiASayansi
Pofuna kudziwa ngati dzira lili lamoyo, usiku unikani ndi tochi ya foni chakumbali osalinyamula. Lamoyo limaoneka lofiirira, nthawi zina mumaona timitsempha. Likayandikira kuswa limada. Lomwe likuoneka lachikasu mbee patatha milungu itatu ndiye kuti mulibe kanthu, komabe musafulumire kutaya ngati silikununkha kapena kuchita nkhungu. Kuswa kumatenga miyezi iwiri kapena itatu kuchokera tsiku loikira. Nyengo yotentha amafulumira, mu June ndi July kukazizira amachedwa.

NaphiriWaKuKapiri
M'malo moboola chivundikiro, bwanji kungophimba ndi kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu?

ChimaliroNkhalango
Ayi mayi, neti zogawidwa zija zili ndi mankhwala ophera udzudzu m'ulusi mwake, ndipo kamwana ka masentimita awiri ndi theka sikangapirire. Kansalu koyera kopyapyala n'kabwino, mukamange ndi mphira. Kakaswa musakasunge kuti muzikadyetsa, chakudya chake ndi tizilombo tating'ono zedi tomwe simungakwanitse kugwira tsiku ndi tsiku. Tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake tsegulani chitini patsinde la mtengo wa makungwa okhakhala, kakwera kokha. Sikafuna mayi, kamadzisakira kuyambira tsiku loyamba.

MmisiriWaKamwendo
Ine ndikhale wotsutsa pang'ono. Mukukamba zosunga makungwa, koma mtengo womangira uyenera kusendedwa. Mzati wosasenda umafumbwa msanga chifukwa tizilombo toboola timaikira pansi pa khungwa, chinyezi chimakhalanso momwemo. Munthu asawononge chigafa chake chifukwa cha buluzi.

ChimaliroNkhalango
Akulu, apo palibe mkangano. Mizati yatsopano isendedwe ndithu. Tikunena yakale yomwe yatha kale ntchito. Ndipo makungwa omwe mwasendawo, m'malo mowatentha onse, sankhani zidutswa zazikulu zitatu kapena zinayi, muzimangirire pamitengo ya pakhomo chakumthunzi, pamsinkhu wa pachifuwa, kukamwa kwake kuyang'ane pansi kuti mvula isalowe. Pakapita nyengo imodzi mukasuzumira mudzapeza zikamba za mazira. Chongopewa ndi khungwa la mtengo wopakidwa oyilo wakutha kapena mankhwala a chiswe.

Santhe_Boma
Chigafa chamoyo chimathetsa zonsezi. Mumadzala mitengo ya kesha m'mizere molingana ndi kukula kwa chigafa, pakatha zaka zitatu kapena zinayi mumaidulira pamwamba n'kuikapo mitanda ndi denga. Mizati siifumbwa chifukwa ndi yamoyo, simupitanso kunkhalango chaka ndi chaka.

Mkanda04
Chamoyocho n'chabwino kwa amene ali ndi malo akeake. Wobwereka munda adzale mitengo yoti adikire zaka zinayi? Komanso mbuzi zimatha mbande isanafike pabondo.

MmisiriWaKamwendo
Mbuzi ndi nkhani yotchinga ndi minga chaka choyamba. Vuto lenileni ndi kudulira. Mukachedwa, nthambi zimakankha denga ndipo mthunzi umachedwetsa fodya kuuma.

MbalameZaLifupa
Abale, tabwerere kwa mwini nkhani. Funso lomwe palibe wafunsa ndi loti kanalimataka kamadya chiyani, chifukwa mlimi akadziwa chimenecho sakapha. Kamadya chiswe, nyerere zing'onozing'ono, nsabwe za m'masamba, tintchentche, tiakangaude ndi timphutsi tofewa. Kakapeza msewu wa chiswe pakhungwa pomwe dothi lagumuka, kamakhala pambali n'kumatola chimodzichimodzi. Kamanyambitanso utomoni wotsekemera wotuluka pamtengo wa mthethe. Sindikunena kuti kangateteze munda wonse, ayi, n'kakang'ono. Koma palibe chomwe kamawononga: sikadya mbewu, sikaboola mtengo, sikaluma munthu.

Kukaonera kuli ndi nthawi yake. M'mawa dzuwa likangofunda kamatuluka kudzawothera patsinde, mutu utaloza pansi. Masana dzuwa likaswa mtengo kamasamukira kumthunzi, madzulo n'kutulukanso. Kakazizidwa kamada, kakafundidwa kamayererako, ndiye musaganize kuti ndi mitundu iwiri. Mukakayandikira sikathawira kutali, kamangozungulira kuseri kwa tsinde, inu mukazungulira nakonso kazungulira. Pofuna kukajambula khalani awiri: mmodzi aime chilili ndi foni, wina adutse kuseri, kabwera kokha mbali ya wojambulayo.

Pamtengo umodzi waukulu pamakhala kakamuna kamodzi kolamulira, tatikazi tingapo ndi ana. Tatimuna tiwiri tikakumana timatukumula pakhosi, kukweza msana, kuyenda chammbali, kenako kulumana. Ambiri a michira yoduka mumawaona aja si onse anaphonyedwa ndi mbalame.

NaphiriWaKuKapiri
Kakamuna mumakadziwa bwanji pa kanthu kakang'ono chotero?

AphunzitsiASayansi
Mukaike m'botolo loonekera, muyang'ane kumimba ndi foni yokuza chithunzi. Kakamuna kali ndi timabowo tingapo tondandana kutsogolo kwa potulukira chimbudzi, ndipo tsinde la mchira ndi lotupa pang'ono. Kakakazi kalibe timabowoto, ndipo kakakhala ndi mazira mumawaona awiri akuyera m'mimba kupyola khungu. Polowetsa m'botolo musakagwire ndi zala. Ikani botolo kutsogolo, mukakankhe pang'ono kumbuyo ndi kaudzu. Mukagwira mchira umathothoka, chifukwa mafupa a mchira ali ndi malo odukira okonzeka kale. Umaphukanso pakapita milungu ingapo, koma m'kati mumakhala fupa lofewa ndipo mtundu sufanana ndi woyamba. Kutaya mchira n'kutaya mafuta omwe kanasunga, ndiye si chinthu chochitira masewera. Botolo lisakhale padzuwa ngakhale mphindi zochepa, ndipo kabwezereni pamtengo womwe munakatenga.

Mkanda04
Pa Facebook ndinaona kena kabuluu kowala, akuti kamagulidwa madola ambiri kunja. Kodi kameneko kali muno m'nkhalango ya Mchinji? Mwina tikugona pa ndalama.

MbalameZaLifupa
Kameneko ndi Lygodactylus williamsi, mbale wake wa kathuka, koma kwawo ndi ku Tanzania, m'nkhalango ya Kimboza chakufupi ndi Morogoro ndi timalo tina tochepa tozungulira. Kamakhala pamtengo wa mtundu umodzi wokha, Pandanus, wa masamba ataliatali aminga, ndipo m'makwawa a masambawo ndi momwe kamabisala, kumwa madzi ndi kuikira. Kabuluuko ndi kakamuna, kakakazi n'kofiirira mobiriwira. Malo onse omwe kamapezeka ndi makilomita ochepa chabe. Ogwira ankagwetsa mitengo ya Pandanus kuti atole tinalimata tomwe tili pamwamba, kotero nyama ndi nyumba yake zinkathera limodzi. Lero kali m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu, ndipo pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016 wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, kanaikidwa pamndandanda woyamba, womwe umaletsa malonda a pakati pa mayiko a nyama zogwidwa kutchire. Ndalama zomwe mukuzinenazo ndi zomwe zinakafikitsa pamenepo, achimwene.

ChimaliroNkhalango
Ndipo asaiwale kuti kuno kwathu kugwira nyama iliyonse m'paki ya Kasungu popanda chilolezo ndi mlandu, kaya ndi njovu kaya ndi buluzi. Lamulo silinena za kukula.

AphunzitsiASayansi
Nafenso tili ndi athu a m'nkhalango ofunika kuwanyadira. Paphiri la Mulanje pali Lygodactylus rex, wamkulupo pa abale ake, wokhala m'mitengo, ndi Lygodactylus bonsi wa m'miyala ya pamwamba. Banja lonseli lili ndi mitundu yoposa 60, yambiri muno mu Africa ndi ku Madagascar. Ena amakhala paphiri limodzi lokha, moti nkhalango ya paphiripo ikatha nawonso atha. Kathu ka kuno n'kamwayi chifukwa sikasankha: mtengo wa msuku, mombo, mango, gwafa, mpanda wa nsungwi, ngakhale khoma la njerwa zosapaka.

Santhe_Boma
Sikasankha, koma pabulugamu wosalala simukapeza kawirikawiri. Ndipo m'munda momwe mitengo yonse inadulidwa mulibiretu.

ChimaliroNkhalango
Zoona. Chomwe kamafuna ndi mng'alu. Mitengo yakale ya makungwa osweka, zitsa, nthambi zouma zosagwa, ndi zomwenso otola nkhuni ndi owotcha makala amayambira kutenga. Kusenda mtengo wamoyo mozungulira pofuna luzi kapena mng'oma wa njuchi kumapereka malo chaka chimodzi khungwa lotsala likamafunduka, kenako mtengo wauma, wagwa, zatha. Chachikulu ndi moto wolusa. Moto wa mu May kapena June, udzu udakali ndi chinyezi, umadutsa pansi, tinalimata timakwera pamwamba n'kupulumuka. Wa mu September ndi October, wa osaka mbewa uja, umanyambita tsinde kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo mazira omwe ali pansi pa khungwa amapsa onse, chifukwa dzira silithawa. Kanyamaka sikakhalanso moyo wautali, kutchire nthawi zambiri sikapitirira zaka ziwiri, kotero malo opsa chaka ndi chaka amachepekedwa msanga. Kulambula mkwasa wa mamita atatu kuzungulira kankhalango ka mudzi mvula ikangosiya kumathandiza tinalimata, mbande ndi bowa yemwe.

GogoWaKuNkhamenya
Za mbewazo musawanamizire ana okha. Akuluakulu omwe ndi amene amayatsa pofuna msipu wa ng'ombe.

MbalameZaLifupa
Agogo anena zoona. Pakhomo adani ake ndi ena: mphaka, nkhuku kakatsikira pansi, mnthengu ndi mbalame zina, njoka yobiriwira yamawanga yokwera mitengo ija, ngakhale nalimata wausiku amameza tiana take. Ndiye makungwa omwe a Chimaliro anena aja asamangidwe pansi pofika nkhuku, ndiponso asayandikane ndi babu.

MlimiWaChamama
Mizati itatu ya mazira taiimika pansi pa mango, pamiyala, makungwa tamanga ndi luzi. Awiri omwe anagwa ali m'chitini. Koma limodzi lili ndi kamng'alu kakang'ono pambali. Ndilichotse?

ChimaliroNkhalango
Ngati ndi lomatana ndi linzake, lisiyeni, polichotsa muswa labwinolo. Yang'anani ngati pamng'alupo pakutuluka madzi. Ngati pali pouma, kakhungu kam'kati sikanang'ambike ndipo likhoza kuswa bwinobwino. Likayamba nkhungu, pukutani mopepuka ndi kathonje kouma, muchepetse chinyezi cha mchenga, ndipo chivundikiro muzitsegula kamphindi masiku awiri alionse kuti mpweya usinthe. Mbale ya madzi ija isaume.